Mawu a Amisiri pa Nthambo za Magetsi ndi Mathireyi Ake

Munthu wolowa m'fakitale yaikulu kapena m'chipatala chamakono, akatukula maso ake kunsi kwa denga, adzaona zitsulo zazitali zotambalala zitapachikidwa m'mwamba, ndipo pa izo patagona nthambo zonenepa zotuluka m'chipinda chogawira magetsi kunka kumene kuli makina. Zitsulozo amisiri amazitcha mathireyi, ndipo ngakhale wodutsa angaziyese mashelefu wamba, mmisiri wodziwa ntchito yake ali nawo mawu ambiri ofotokozera za izo. Wosinkhasinkha mawuwo adzapeza kuti ochuluka a iwo aloza ku chinthu chimodzi, ndicho kutentha. Pakuti nthambo iliyonse yonyamula magetsi imafunda, ndipo ikasowa kotayira kufundako, tsiku lake lakupsa limafika ndithu.

Tiyambe ndi thireyi imene. Ilipo ya makwerero, imene ili ndi mipiringidzo yotalikirana pakati pa zitsulo ziwiri za m'mbali, ndiyo yoyenera nthambo zolemera za makina aakulu, popeza mpweya umapita momasuka pansi ndi pamwamba pomwe. Ilipo yobowolabowola, yokhala ndi timabowo tolowetsa mpweya ndi tomangirirapo nthambo zocheperapo. Ilipo ya basiketi, yolukidwa ndi mawaya, imene imanyamula nthambo zopepuka za makompyuta ndi telefoni. Ndipo ilipo yotsekeka pansi, imene imatchinjiriza bwino koma imasunga kutentha, kotero kuti nthambo yogonamo iyenera kusenzetsedwa magetsi ochepa kusiyana ndi inzake ya pa makwerero. Chitsulo chakenso chimasankhidwa molingana ndi malo: chokutidwa ndi zinki chimalimbana ndi dzimbiri pamtetete, aluminiyamu njopepuka kupachika, ndipo kumene kuli nthunzi ya mankhwala owononga chitsulo amaikako thireyi ya fibreglass.

Nthambo nayo ili ndi ziwalo zake, ndipo chilichonse chili ndi dzina. Pakatikati pali kondakita, ndiyo njira yeniyeni ya magetsi, ya mkuwa kapena ya aluminiyamu. Ndipo popeza aluminiyamu imapitiriza magetsi okwana ngati magawo 6 mwa magawo 10 a amene mkuwa wofanana nayo kukula ungapitirize, nthambo yake iyenera kunenepa koposa kuti igwire ntchito yomweyo. Kukula kwa kondakita kumayesedwa m'masikweya milimita, ndiye chifukwa chake mudzamva mmisiri akuitanitsa 2.5 ya masoketi, kapena 95 ya makina aakulu. Kondakitayo imavekedwa chokutira chotsekereza magetsi: cha PVC chimapirira kufikira madigiri 70, pamene cha XLPE chimafika pa 90. Kunja kwake nthambo zambiri za pa thireyi zimazingidwa ndi mawaya achitsulo, ndizo zotchedwa SWA, kuti zingaphwanyike kapena kutafunidwa ndi makoswe. Ndipo pamene nthambo yotere ilowa m'bokosi imagwidwa ndi chomangira chotchedwa gland, chimene chimalumikizanso mawaya achitsulowo ku efi, ndiyo njira yotayira magetsi m'nthaka.

Apa m'pamene pagona mtima wa nkhani yonse. Mabuku a malamulo a mawaya, monga BS 7671 ya ku Britain imene amisiri ambiri a kuno aphunzira, ali ndi mindandanda yonena maampeya amene nthambo ya kukula kwakuti inganyamule; koma mindandandayo idawerengedwa poganiza kuti mpweya wozungulira nthamboyo uli pa madigiri 30. Tsono ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene dzuwa la Okutobala limapyola madigiri 40, ndiponso kunsi kwa malata kumene kumatentha koposa apo, mmisiri wokhulupirika ayenera kuchepetsa chiwerengerocho, kapena kusankha nthambo yokulirapo. Chimodzimodzinso nthambo zikaunjikana pa thireyi imodzi, zimafunditsana monga anthu ogona mothithikana m'kanyumba kamodzi usiku wa chilimwe. Motero pali kuchepetsa kwinanso chifukwa cha kuchulukana, kumene kumaleka kufunika pokhapo nthambozo zatalikirana koposa kunenepa kwa nthambo kawiri. Ndiponso ulendo ukatalika, mavoti 230 kapena 400 amene adachoka pa gwero amafika atachepa. Ndipo buku lija la BS 7671 limalangiza kuti kutsikako kusapyole 3 pa 100 alionse pa nyali, kapena 5 pa 100 alionse pa zina zonse.

Pakuyala nthambo pamafunika kuleza mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthambo ya SWA siipindidwa mwankhanza pa ngodya, koma imakhotetsedwa mozungulira, ndipo kukhotako sikuchepera kunenepa kwake kasanu ndi kamodzi, kuti chokutira cha m'kati chingang'ambike pamene diso silifika. Nthambo zitatu za kondakita mmodzimmodzi, zonyamula mafeizi atatu, zimasanjidwa ziwiri pansi ndi imodzi pamwamba, kasanjidwe kotchedwa trefoil, ndipo zimamangidwa zolimba ndi zomangira zotchedwa cleats, chifukwa pa nthawi ya shoti zimakankhana ndi mphamvu yoopsa imene ingazitaye kunja kwa thireyi. Nthambo za makompyuta zimapatulidwa ku nthambo za mphamvu, kuti uthenga wake ungasokonezeke. Zigawo zonse za thireyi yachitsulo zimalumikizidwa pamodzi ndi ku efi, kuti tsiku limene nthambo idzasupuka, buleka izime msanga munthu asanakhudze chitsulocho. Ndipo pamene thireyi ibowola khoma, mpatawo umatsekedwa ndi zinthu zosagwira moto, kuti malawi ndi utsi zingadutsirepo kulowa m'chipinda china.

Nanga mawu onsewa apindulanji kwa munthu amene si mmisiri? Apindula kwakukulu, pakuti thireyi yoyalidwa mokongola ikhoza kukhala chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwini nyumba wosadziwa chofunsa amalipira zimene diso lake lakondwera nazo zokha. Ku Malawi bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa oika magetsi, ndipo nkoyenera kuyamba ndi kuona chiphasocho. Koma pambuyo pake mwini ntchito afunsenso ngati kutentha kwa malowo kwawerengedwa, ngati nthambo zapatsidwa mpata, ngati thireyi yalumikizidwa ku efi, ngati nthambo iliyonse yalembedwa kumene ichokera ndi kumene inka, ndiponso ngati pasiyidwa malo a nthambo zam'tsogolo. Mmisiri woona sadzakwiya nawo mafunso otere, koma adzawayankha ndi ziwerengero zake m'manja. Ndipo amene alephera kuwayankha asapatsidwe ntchito imene miyoyo ya anthu idzadalira zaka zambiri.