Mpingo ndi Ana Opanda Owalera: Zimene Mbiri Itiphunzitsa

Wansembe aliyense amene watumikira pa parishi kwa zaka zingapo amalidziwa funso ili: mayi wamwalira pobereka, achibale ndi osauka, nanga khandali lipite kuti? Ambiri a ife timafulumira kuganiza za nyumba ya ana amasiye. Koma Mpingo wakhala ukulimbana ndi funsoli kwa zaka mazana ambiri, ndipo n'koyenera kuti tisanayankhe, timve kaye zimene unakumana nazo.

Mu ufumu wa Aroma, bambo anali ndi mphamvu zolandira kapena kukana khanda lobadwa m'nyumba mwake. Lokanidwa linkasiyidwa panja, ndipo wolitola kawirikawiri ankalilera kuti lidzakhale kapolo. Aroma anali nalo lamulo lotengera mwana wa wina kukhala wako, koma cholinga chake chinali kupeza mlowam'malo, monga m'mene Julius Caesar anachitira ndi Octavian. Akhristu oyamba anatsutsa kutaya makanda, ndipo pang'onopang'ono malamulo anasintha. M'chaka cha 331 mfumu Constantine inalola wotola mwana kumsunga, kaya ngati mwana wake, kaya ngati kapolo. M'chaka cha 442 aepiskopi osonkhana ku Vaison analamula kuti za mwana wotoledwa zilengezedwe m'tchalitchi, ndipo akapanda kupezeka mwini m'masiku 10, akhale wa womtolayo. M'chaka cha 529 mfumu Justinian inagamula kuti ana otere ndi mfulu. Tione apa kuti m'nthawi yonseyi mwana kawirikawiri ankapita m'banja la munthu.

Nyumba zapadera zinachuluka pambuyo pake. Wansembe Datheus anatsegula ina ku Milan m'chaka cha 787. Ku Roma, chipatala cha Santo Spirito chimene Papa Innocent III anakhazikitsa m'chaka cha 1198 chinatchuka ndi kabokosi kozungulira koikidwa m'khoma: mayi ankagoneka khanda kunja, kuzunguza kabokosiko, n'kuchoka osaonedwa. Njirayi inapulumutsa makanda ku mtsinje ndi ku agalu, koma inasiya funso lalikulu: khanda lalowa m'nyumba, tsono liyamwa chiyani?

Amene analimbana ndi funsoli mwa khama ndi Vincent de Paul Woyera ndi Louise de Marillac Woyera. M'nthawi yawo makanda 300 kapena 400 ankatayidwa ku Paris chaka chilichonse. Ankawatengera ku nyumba yotchedwa La Couche, kumene antchito anali ochepa, ndipo pafupifupi onse ankafa. M'chaka cha 1638 oyera awiriwa, mothandizidwa ndi amayi achuma a mumzindawo, anayamba ndi ana 12 okha chifukwa ndalama sizinalole kupitirira apo. Anayesa mkaka wa mbuzi, koma anaona kuti khanda limafuna bere. Motero, pamene m'chaka cha 1640 anavomera kulandira ana onse otayidwa, anayamba kuwatumiza kwa amayi oyamwitsa a kumidzi, amene ankalipidwa. Ankalemba m'kaundula kumene mwana aliyense wapita, ndipo asisteri ankayendera midziyo kukaona ngati ana akusamalidwa. Apa tikuona zonse zimene lero timazitcha kulera mwana m'banja la ena: banja lolandira, thandizo kwa banjalo, ndi diso la munthu woyendera.

Zimene zinatsatira n'zomvetsa chisoni. M'chaka cha 1670 mfumu Louis XIV inaika ntchitoyi pansi pa ulamuliro wa boma. Popeza khomo linali lotsegula, makolo osauka a m'madera akutali anayamba kutumiza ana awo, kotero kuti m'chaka cha 1772 chokha nyumba ya ku Paris inalandira makanda oposa 7,000. Amayi oyamwitsa anachepa, kuyendera kunafooka, ndipo m'nyumba zambiri zotere za ku Ulaya ana oposa theka ankafa asanakwanitse chaka. Nyumba yomangidwira ana opanda makolo inadzaza ndi ana amene makolo awo anali moyo, koma anagonja ndi umphawi.

Mbiriyi ikutikhudza ife mwachindunji kudzera mwa Charles Lavigerie, amene anakhala Arkiepiskopi wa Algiers m'chaka cha 1867. Njala ndi kolera zitasakaza Algeria, iye anasonkhanitsa ana amasiye oposa 1,000, ndipo gulu la ansembe a White Fathers, limene analiyambitsa m'chaka cha 1868, linatenga kusamala anawa kukhala ntchito yake yoyamba. Ambiri anafa ndi matenda. Opulumuka atakula anawamangira midzi yawoyawo, Saint-Cyprien ndi Sainte-Monique, koma midziyo inakhala ngati zisumbu pakati pa abale awo. Ansembe a gulu lomweli ndiwo anafika kwa Mponda m'chaka cha 1889 ndi ku Mua m'chaka cha 1902.

Kwathu kuno iwo anapeza anthu amene anali ndi yankho lawo kale. Pakati pa Achewa mwana ndi wa mbumba, ndipo malume ndiye nkhoswe yake. Mchemwali wa mayi amatchedwa mayi wamkulu kapena mayi wamng'ono, ana ake ndi abale enieni. Mayi akamwalira, akuluakulu ankakhala pansi maliro atatha n'kugamula amene atenge ana, popanda kalata kapena bwalo la milandu. Kumene kuli malowolo, monga pakati pa Atumbuka ndi Angoni a kumpoto, udindowo unkagwera a kuchimuna. Mwana sankasiya mfunda wake, munda wa makolo ake, kapena manda a agogo ake. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unali lamulo logwira ntchito.

Komabe tisakometse mwambo mopitirira. Nthano zathu n'zodzaza ndi mwana wamasiye wodya mkute pamene anzake adya nsima yotentha, wotumidwa kudambo usiku. Makolo sakanapeka nthano zotere zinthuzo zikanakhala zosachitika. Ndipo Edzi itayamba kupulula anthu kuchokera m'ma 1980, agogo okalamba anatsala ndi adzukulu ambiri, achibale ena nalanda chuma cha amasiye. Nyumba za ana zinachuluka, ndipo monga ku Paris, ambiri olowamo anali ndi kholo kapena wachibale wamoyo.

Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest m'dziko la Romania m'chaka cha 2000 anatsimikiza zimene Vincent anaona ndi maso: ana ochotsedwa m'nyumba zotere n'kupatsidwa mabanja, makamaka asanakwanitse zaka 2, anakula bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe kuposa otsalamo. M'Malawi, kuwonjezera pa lamulo la 1949 lotengera mwana, lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana linazindikira kulera mwana m'banja la ena.

Paulo Woyera, polembera Agalatiya ndi Aroma, anatenga mawu a lamulo lija lotengera mwana pofotokoza chipulumutso chathu: Mulungu anatilandira m'banja lake, natipatsa dzina ndi cholowa. Ngati ife tinalandiridwa chotero, sitingakhutire ndi kupatsa mwana bedi ndi phala zokha. Nyumba ya ana ili ndi malo ake, makamaka kwa khanda losowa mkaka m'miyezi yoyamba, koma ikhale pongodutsira. Ntchito yaikulu ya parishi ndi ya mphakati ndi kuchirikiza azakhali kapena agogo amene atenga mwana, kuwapezera chimanga ndi ndalama za sukulu, ndi kuwayendera kawirikawiri monga ankachitira asisteri a Louise de Marillac, kuti mwana wodya mkute uja adziwike msanga.