Benzi ndi Porsche m'Matope a Africa

Pa msika wa Songani, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, ana amatchula galimoto iliyonse yonyezimira kuti Benzi. Dzina la Porsche silimveka kaŵirikaŵiri. Komabe akuluakulu a m'chigwa cha Domasi amene adakwerapo Volkswagen ija ya Chikumbu adaiona kale nzeru ya banja la Porsche, pakuti adakonza galimotoyo ndi Ferdinand Porsche, ndipo injini yake idali kumbuyo, yozizira ndi mpweya osati madzi.

Omvera adziŵe kuti magalimoto aŵiriŵa ndi ana a mudzi umodzi, mzinda wa Stuttgart ku Germany, koma makhalidwe awo ndi osiyana. Porsche 911 idaonetsedwa koyamba mu 1963: yaing'ono, yopepuka, injini ili kumbuyo ngati Chikumbu. Kulemera kwa kumbuyoko kumathandiza matayala kugwira pansi m'matope, koma pokhota kumakankhira mchira kunja, ndipo dalaivala wosazoloŵera amapezeka wayang'ana kumene wachokera. Mercedes-Benz SLC idabwera mu 1971, yaitali ndi yolemera, injini ili kutsogolo, ndipo yaikulu mwa injini zake idali ya masilinda 8. Idapangidwira mabwana oyenda mtunda wautali mosatopa. Palibe adaganiza kuti ingapikisane m'thengo.

Mlandu wa aŵiriŵa udaweruzidwa m'misewu yafumbi ya kuno ku Africa. Mu 1978 kampani ya Porsche idatumiza ma 911 ku mpikisano wa Safari ku Kenya, ulendo wa makilomita oposa 4,000 m'nyengo ya mvula. Björn Waldegård adatsogola kwa nthaŵi ndithu, koma zitsulo zogwira matayala akumbuyo zidaonongeka ndipo adamaliza wachinayi. Mnzake Vic Preston Junior adakhala wachiŵiri. Chikho chidapita kwa Peugeot 504, mtundu umene Amalaŵi ambiri adaudziŵa bwino pa kulimba kwake. Liŵiro Porsche idali nalo. Chidaisoŵa ndi msana.

Chaka chotsatira Benzi nayo idakhala yachiŵiri ku Safari, m'manja mwa Hannu Mikkola. Koma kumapeto kwa 1979, pa mpikisano wa Bandama ku Ivory Coast, ma 450 SLC adatenga malo anayi onse oyambirira, Mikkola ali patsogolo. Chodabwitsa nchakuti magiya ake adali osintha okha, amene akatswiri ankati ndi a madalaivala aulesi. Mu 1980 Benzi idapambananso kumeneko, ndipo woyendetsa adali Waldegård yemwe uja. Porsche idadikira mpaka 1984 kuti ipambane ulendo wa Paris-Dakar, ndipo apo nkuti galimoto yake itasinthidwa kuti izikoka ndi matayala onse anayi.

Pa msika wa anthu osunga magalimoto akale zinthu zidatembenuka. Porsche idasiya kupanga injini zozizira ndi mpweya mu 1998, ndipo chosoŵa chidakwera mtengo. Ya mtundu wa Carrera RS ya 1973, imene idapangidwa 1,580 zokha, imagulidwa ndi madola zikwi mazanamazana. SLC idapangidwa yoposa 60,000, ndiponso ogula ambiri amakonda mbale wake wopanda denga, wotchedwa SL. Motero galimoto imene idagonjetsa matope a ku Ivory Coast kaŵiri konse imagulitsidwa pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi ija imene sidapambanepo Safari.