Mikangano ya malipiro a intaneti pambuyo pa masiku aulere: nkhani ya AOL

Makampani ambiri opereka intaneti amakopa anthu powalola kuyesa nchito zao kwaulere kwa masiku owerengeka. Polembetsa, munthu amapemphedwa nambala ya khadi lake la ku banki, ndipo amauzidwa kuti sadzalipira kanthu ngati atasiya masikuwo asanathe. Mkangano umabuka pamene munthu anena kuti anathetsa mgwirizano mu nthawi yake, koma kampani ipitiriza kumudula ndalama mwezi ndi mwezi. Mlandu wodziwika kwambiri wa mtundu umenewu ndi wa kampani ya America Online, imene dzina lake lacidule ndi AOL, ya m'dziko la United States.

Mmene malonda otere amayendera

Mu malonda a masiku onse, wogula amayenera kunena kuti "inde" asanalipiritsidwe. Mu mgwirizano wa masiku aulere zinthu zimatembenuka: kukhala cete kwa munthu ndiko kumawerengedwa ngati kuvomera. Masiku aulere akangotha, kompyuta ya kampani imamusandutsa kasitomala wolipira popanda kumufunsanso, cifukwa nambala ya khadi lake ili kale m'manja mwao.

Mikangano yambiri imacokera pa zinthu zitatu. Coyamba, munthu sanauzidwe momveka bwino kuti udindo wothetsa mgwirizano ndi wake. Caciwiri, anayesa kuuthetsa koma njira yake inali yovuta, kapena pempho lake silinalembedwe. Cacitatu, anaganiza kuti kusiya kugwiritsa nchito intanetiyo, kapena kufufuta pulogalamu pa kompyuta, ndiko kuthetsa mgwirizano, pamene m'mabuku a kampani dzina lake likadalimo.

Ma CD a maola aulere

AOL inali kupereka intaneti yodzera pa waya wa lamya ya m'nyumba. Kuyambira mu 1993 kufikira mu 2006, kampaniyi inagawa madisiki ndi ma CD mamiliyoni ambirimbiri kudzera pa positi, m'magazini ndi m'masitolo. Pa cikuto panali kulembedwa ciwerengero ca maola aulere, cimene cinali kukwera caka ndi caka mpaka kupitirira 1,000. Koma maolawo anali ndi malire: anayenera kugwiritsidwa nchito m'masabata ocepa oyambirira, ndipo otsala anali kutayika. Njira imeneyi inakuza kampani kwambiri, kotero kuti mu 2002 inali ndi makasitomala oposa 26 miliyoni m'dziko la United States mokha.

Madandaulo anayamba msanga. Mu May 1997, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission, kapena kuti FTC, linalengeza kuti lagwirizana ndi makampani atatu, AOL, CompuServe ndi Prodigy, pa milandu yokhudza masiku aulere. Bungweli linati makampaniwa sanafotokoze bwino kuti munthu wosathetsa mgwirizano adzayamba kulipira. Linatinso AOL inali kuwonjezera masekondi 15 pa nthawi iliyonse imene munthu anakhala pa intaneti, n'kuikwezanso kufika pa mphindi yathunthu, popanda kuuza makasitomala momveka bwino.

Mu September 2003, FTC inaimbanso AOL mlandu, ulendo uno wopitiriza kulipiritsa anthu amene anali atapempha kale kuti acotsedwe. Kampaniyi inavomera kukonza njira zake zolandirira mapempho otere, ndiponso kutumiza kalata yotsimikizira kwa munthu aliyense amene anaimba kuti asiye koma n'kulembedwa kuti wavomera kupitiriza.

Cimene ofufuza a ku New York anapeza

Gwero leni-leni la vutoli linaululika mu August 2005. Ofesi ya loya wamkulu wa boma m'cigawo ca New York, a Eliot Spitzer, inafufuza madandaulo pafupifupi 300 a makasitomala. Inapeza kuti anchito olandira lamya anali kupatsidwa mabonasi akulu-akulu akakwanitsa kubweza maganizo a pafupifupi theka la anthu oimba kuti asiye. Wanchito aliyense anali ndi ciwerengero cimene anayenera kufikapo. Cotulukapo cake cinali cakuti anchito ena anali kucedwetsa dala oimba lamya, ndipo ena sanali kulemba n'komwe mapempho awo.

AOL inavomera kulipira madola 1.25 miliyoni, kubweza ndalama kwa makasitomala a ku New York amene anadulidwa molakwika, ndi kuthetsa lamulo lokakamiza anchito kufika pa ciwerengero cija. Inavomeranso kuti pakhale kampani ina yapadera yotsimikizira kuti munthu wavomeradi kukhalabe.

Ngakhale zinali tero, mu June 2006 kasitomala wina wa ku New York anajambula mau a kukambirana kwake ndi wanchito wa AOL, n'kuwaika pa intaneti. M'mauwo iye akumveka akupempha mobwereza-bwereza kuti akaunti yake itsekedwe, pamene wanchitoyo akupitiriza kumufunsa mafunso ndi kutsutsana naye. Mauwo anaulutsidwa pa wailesi yakanema ya NBC. Kampani inapepesa ndi kucotsa nchito munthuyo, koma ambiri anaona kuti colakwa cinali m'dongosolo la malipiro a anchito, osati mwa munthu mmodzi cabe.

Mu July 2007, AOL inagwirizana ndi zigawo 48 za United States pamodzi ndi District of Columbia kulipira madola 3 miliyoni. Pa mgwirizanowo inalonjeza kubweza ndalama kwa odandaula, kujambula mau a anthu oimba kuti asiye, ndi kukhala ndi njira yothetsera mgwirizano pa intaneti pomwepo popanda kulankhula ndi wanchito. Nchito yake yopereka intaneti ya pa waya wa lamya inatsekedwa pa 30 September 2025.

Malamulo amene anatsatira

Mu December 2010, dziko la United States linakhazikitsa lamulo lochedwa Restore Online Shoppers' Confidence Act. Lamuloli limafuna zinthu zitatu kwa wogulitsa pa intaneti: afotokoze mfundo zonse zikulu-zikulu asanatenge nambala ya khadi, alandire cilolezo comveka ca wogula asanamudule ndalama, ndipo apereke njira yosavuta yoimitsira malipiro. Pogwiritsa nchito lamulo limeneli, FTC inacititsa kampani ya Vonage, yopereka lamya ya pa intaneti, kulipira madola 100 miliyoni mu 2022. Mu September 2025, kampani ya Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni pa mlandu wokhudza mmene anthu anali kulowetsedwera mu Prime ndi kuvutikira potuluka, ndipo pa ndalamazo madola 1.5 biliyoni anali obwezera makasitomala.

Mu October 2024, FTC inavomereza lamulo lina lonena kuti kusiya kukhale kosavuta monga kulembetsa. Koma mu July 2025, lamulolo lisanayambe kugwira nchito mokwanira, bwalo la apilo la Eighth Circuit linalithetsa ponena kuti bungweli silinatsatire ndondomeko yonse yopangira malamulo.

Eni makadi nawo analowererapo. Kuyambira mu April 2020, kampani ya Visa inalamula ogulitsa opereka masiku aulere kuti azitenga cilolezo comveka ca mwini khadi, azimukumbutsa asanayambe kumudula ndalama, ndiponso azimupatsa njira yosiyira pa intaneti.

Mmene nkhaniyi ikhudzira a m'dziko muno

Intaneti inafika mu Zambia mu 1994 kudzera mu ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia. Masiku ano anthu ambiri m'dziko muno amagula mabando olipiriratu, conco sakhala ndi ngongole ya pamwezi monga makasitomala a AOL. Komabe njira ya "kukhala cete ndiko kuvomera" inafika kuno m'maonekedwe ena. Ilipo pa makampani a kunja oonetsa mafilimu ndi nyimbo amene amapempha nambala ya khadi, ndiponso pa tinchito tina ta pa foni timene timadziwonjezera tokha nthawi n'kumadya ndalama za mu foni.

Mabungwe awiri ndi amene amamva madandaulo otere. Bungwe la ZICTA, lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la Information and Communication Technologies Act la mu 2009, limayang'anira makampani a lamya ndi intaneti amene ali ndi ziphaso m'dziko muno. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, logwira nchito pansi pa lamulo la mu 2010, limafufuza malonda acinyengo ndi osoceretsa ogula. Ngati kampaniyo ili kunja ndipo ilibe ofesi kuno, thandizo lofulumira limapezeka ku banki imene inapereka khadi, cifukwa ndiyo ili ndi njira yotsutsira malipiro kudzera mu Visa kapena Mastercard.

Zimene wogula ayenera kucita

Milandu ya AOL inaonetsa kuti wopambana pa mkangano wotere ndi amene ali ndi umboni. Kampani imasunga mabuku ake, ndipo ngati m'mabukumo mulibe pempho la munthu, mau ake apakamwa salemera. Conco munthu wolembetsa masiku aulere ayenera kulemba tsiku limene adzathe ndi mtengo umene udzatsatire, ndipo athetse mgwirizano kukadali masiku angapo, osayembekezera tsiku lomaliza.

Pothetsa, ndi bwino kucita molemba, kudzera pa imelo kapena pa tsamba la kampani, ndi kusunga yankho lotsimikizira. Ngati njira ndi ya lamya yokha, alembe tsiku, nthawi, dzina la wanchito ndi nambala ya pempho. Pambuyo pake ayang'anitsitse sitetimenti ya ku banki kwa miyezi iwiri kapena itatu, popeza ndalama zazing'ono zodulidwa mwezi uliwonse zimatha kupita caka cathunthu osaziona.

Ndalama zikadulidwa, dandaulo loyamba lipite ku kampani yomweyo, molemba, pamodzi ndi umboni wa tsiku limene mgwirizano unathetsedwa. Kampani ikakana kapena ikakhala cete, munthu apite ku banki mosacedwa, cifukwa nthawi yotsutsira malipiro a pa khadi ili ndi malire. Kutseka khadi pakokha sikuthetsa mgwirizano. Kampani ingathe kupitiriza kuwerengera ngongole n'kuipereka kwa otolera ngongole, ndiye cifukwa cake kalata yotsimikizira kuti mgwirizano watha ndi yofunika kuposa khadi latsopano.

Akulu-akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa malonda a masiku aulere, funso loyenera kufunsa musanapereke nambala ya khadi ndi lakuti mudzatuluka bwanji, ndipo ndani adzakupatsani umboni wakuti mwatuluka.