Mawu a Chingerezi a zam'mlengalenga amene amabwera ndi chenjezo la madzi osefukira m'chigwa cha Shire

Madzi amene amasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje nthawi zambiri amachokera kutali. Amatsika kumapiri a Mulanje, Thyolo ndi Mwanza kudzera m'mitsinje monga Ruo, umene umathira mu Shire pa Chiromo, ndipo amatha kufika m'midzi ngakhale mvula ya komweko isanalimbe. Pachifukwachi, chenjezo lofika msanga ndi limene limapatsa banja mpata wosamutsa ana, mbuzi ndi chimanga. Chenjezo lotere limayambira pa zithunzi zojambulidwa m'mlengalenga, ndipo malipoti ake ambiri amalembedwa m'Chingerezi. Mawu otsatirawa ndi amene amapezeka kawirikawiri m'malipotiwo.

Satellite ndi orbit

Satellite, kapena kuti setilaiti, ndi chinthu chilichonse chimene chimazungulira china chachikulu m'mlengalenga. Mwezi ndi setilaiti yachilengedwe ya dziko lapansi, ndipo uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Setilaiti yoyamba yopangidwa ndi anthu inali Sputnik 1, imene dziko la Soviet Union linaponya m'mlengalenga pa 4 Okutobala 1957. Njira imene setilaiti imatsata pozungulira dziko imatchedwa orbit. Kutalika kwa njirayi kuchokera pansi ndi kumene kumasiyanitsa ntchito za masetilaiti.

Geostationary

Setilaiti ikakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa mzere wa ikweta, imazungulira dziko kamodzi patsiku, mofanana ndi momwe dzikolo limatembenukira. Kwa munthu amene ali pansi imaoneka ngati yaima malo amodzi, ndipo limeneli ndilo tanthauzo la geostationary. N'chifukwa chake dishi ya DStv ikamangidwa pakhoma imaloza mbali imodzi mpaka kalekale. Masetilaiti a zanyengo a Meteosat, a bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT, ali m'njira yomweyi. Amajambula mitambo ya mu Africa ndi m'nyanja ya Indian Ocean mphindi zochepa zilizonse, usana ndi usiku, ndipo akatswiri a zanyengo amaona kumene mitamboyo ikulowera.

Cyclone, eye, track ndi landfall

Cyclone ndi namondwe wamkulu wozungulira amene amabadwira pamwamba pa nyanja yamadzi ofunda. Eye ndi pakati pake, pamene pamakhala bata pomwe mphepo yoopsa ikuwomba m'mbali. Track ndi njira imene namondweyo wadutsa kapena akuyembekezeka kudutsa, pamene landfall ndi nthawi imene pakati pakepo pafika pamtunda.

Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Masetilaiti anamutsata akuwoloka nyanja yonse mpaka pamene anafika pamtunda kachiwiri m'dziko la Mozambique, kufupi ndi Quelimane, pa 11 Malichi. Kuchokera pamenepo mvula yake inafika m'chigawo chakummwera kwa Malawi. Bungwe la World Meteorological Organization linatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anawononga damu la malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, ndipo mizinda inagwa m'mavuto a kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yaitali.

Radar

Kamera wamba siona kuseri kwa mitambo, chonsecho madzi amasefukira nthawi imene kumwamba kwatsekeka. Apa ndi pamene radar imathandiza. Setilaiti monga Sentinel-1, imene yoyamba yake inaponyedwa mu 2014 ndipo imauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 700, imatumiza mafunde a wailesi pansi n'kulandira amene abwerera. Mafundewa amapyoza mitambo ndipo sasowa kuwala kwa dzuwa. Madzi odekha amaoneka akuda pachithunzi chake, motero akatswiri amatha kulemba mapu osonyeza midzi, minda ndi misewu imene yamira m'madera monga Makhanga ndi m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Mapu otere amatsogolera opulumutsa anthu ndi ogawa thandizo.

GPS

GPS ndi gulu la masetilaiti amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000. Foni ikalandira uthenga wa masetilaiti osachepera anayi, imadziwa pamene ili n'kupereka manambala otchedwa coordinates. Manambalawa amasonyeza malo enieni ngakhale njira ndi zizindikiro zonse zitakwiririka ndi madzi.

Mayina a zakumwamba

Zinthu zina zinali ndi mayina kale asanabwere Angerezi. Nthanda, yowala m'bandakucha, si nyenyezi yeniyeni koma planet yotchedwa Venus, imene imangobweza kuwala kwa dzuwa. Mlalang'amba ndi Milky Way, ndipo kadamsana ndi eclipse. Kadontho kowala kamene kamayenda pang'onopang'ono osaphethira dzuwa litangolowa kawirikawiri ndi setilaiti.

Malire a zithunzizi

Setilaiti imaona mitambo ndi kufalikira kwa madzi, koma kukwera kwa mtsinje pa ola lililonse kumadziwika bwino ndi zoyezera za m'mphepete mwa mtsinjewo. Nthambi yoona zanyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA zimafunika zonse ziwiri. Chotsalira ndi kumasulira: mphunzitsi, mtolankhani kapena membala wa komiti ya m'mudzi amene wamvetsa track ndi landfall ayenera kuzinena m'Chichewa, m'Chimang'anja kapena m'Chisena madzi asanafike pakhomo.