Saluki ndi Galu wa ku Ndumbi

Munthu amene anaonapo chithunzi cha galu wa mtundu wa Saluki angathe kuima kaye atafika ku Ndumbi kapena ku Mbamba Bay, m'boma la Nyasa ku Tanzania. Pakati pa agalu ozungulira pamathandala oyanikapo usipa pamapezeka ena a miyendo italiitali, chiuno chothina ndi mphuno yosongoka. Poti njira za malonda a minyanga ndi akapolo zinkachoka m'mbali mwa nyanjayi kukafika ku Kilwa, nkosavuta kuganiza kuti Aluya ndiwo anabwera ndi makolo a agaluwa. Ganizoli ndi lokoma kulimva, koma mawu a m'ziyankhulo zathu ndi mafupa a m'nthaka akusimba mbiri ina.

Kwawo kwa Saluki ndi ku zipululu za Arabia, Syria, Iraq ndi Iran. Ndi galu wosaka ndi maso: akaona gwape wa m'chipululu kapena kalulu amamuthamangitsa pa liwiro lopitirira makilomita 60 pa ola, nthawi zina mothandizana ndi kabawi wophunzitsidwa. Msinkhu wake ndi masentimita 58 mpaka 71 paphewa. Ena ali ndi ubweya wautali m'makutu ndi kumchira, ena ndi osalala thupi lonse. Za dzina lake akatswiri sagwirizana: ena amati linachokera ku mzinda wa Saluq ku Yemen, ena ku Seleucia. Chofunika kwa ife ophunzira ziyankhulo ndi chakuti Abedu, anthu oyendayenda a m'chipululu, ankasiyanitsa saluqi ndi kalb, galu wamba. Kalb ankatengedwa ngati wodetsedwa, pamene saluqi ankaloledwa kugona muhema, ndipo mlakatuli Abu Nuwas wa ku Baghdad anamutamanda m'ndakatulo zake za ulenje zaka 1,200 zapitazo. Azungu anabwera mochedwa m'nkhaniyi. Florence Amherst analandira agalu ake oyamba kuchokera ku Egypt mu 1895, ndipo bungwe la Kennel Club ku Britain linavomereza mtunduwu mu 1923.

Tsono tibwerere kunyanja. Mswahili ndi Myao amati mbwa, Mshona ndi Mbemba amati imbwa, Msena amati mwanambwa. Ngakhale inja ya Chizulu, imene Angoni ananyamuka nayo kummwera, ndi mbwa yemweyo, kungoti bw anasanduka j monga zimachitikira m'chiyankhulocho. Onsewa ndi ana a tsinde limodzi la Chibantu chakale, limene akatswiri amalilemba kuti *-bua. Tsinde lofalikira chotere silingakhale mphatso ya amalonda a zaka za m'ma 1800. Anthu amene anabwera nalo ankamudziwa kale galu asanabalalikane. Ife Achewa ndi galu wathu, ndi Atumbuka ndi ntchewe wawo, ndife amene tinapatuka, ndipo ngakhale mawu awiriwa sakufanana ndi kalb kapena saluqi. Chiswahili, chimene chinabwereka mawu ambirimbiri ku Chiarabu, sichinaone chifukwa chobwerekera dzina la galu.

Ofukula zakale akuvomereza. Mafupa akale kwambiri a agalu oweta mu Africa anapezeka ku Egypt, ndipo ndi a zaka zoposa 6,000 zapitazo. Kummwera kwa Limpopo, pa famu ya Diamant, anapezeka a cha m'ma 570. Apa ndiye kuti galu anali atafika kale kummwera kwenikweni zaka zoposa chikwi Jumbe woyamba asanakhazikike ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Ulendo wochoka ku Nile unatenga zaka zikwizikwi, ndipo Peter Mitchell, m'nkhani yake ya mu 2015 m'magazini ya Azania, anapereka ganizo lakuti matenda ndiwo anauchedwetsa, makamaka ofalitsidwa ndi kashembe ndi nkhupakupa. Ngati ndi choncho, galu wa ku Ndumbi ndi mdzukulu wa agalu amene anapulumuka msefa umenewo. Nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa, yomwe imati munthu atapeka moto nyama zonse zinathawira kuthengo kupatula galu ndi mbuzi, imamuika pambali pa munthu kuyambira pachiyambi penipeni.

Nanga kufanana kwa maonekedwe? Galu wothamanga m'dziko lotentha, wodya mochepa, thupi lake limaloza komweko. Koma ntchito ndi yosiyana. Saluki amafuna chidikha chopanda malire. Kugombe la Nyasa mapiri amatsetsereka mpaka kufupi ndi madzi, ndipo nyama imabisala m'tchire la miombo ndi m'mabango. Kumeneko wofunika ndi galu wa fungo ndi khutu, wovumbulutsa nchenzi ndi nguluwe, wopirikitsa anyani m'munda wa chinangwa, wouwa usiku. Saluki sauwauwa ndipo sachedwa kunyalanyaza mbuyake akaona chothamanga. Alibe mafuta ambiri m'thupi, choncho amafuna pogona pofewa, malo otchingidwa oti azithamangamo, ndi kusamala kwambiri pomupatsa mankhwala ogonetsa. Mlenje wa kunyanja, amene galu wake amakhalira makoko a nsima ya chinangwa ndi mitu ya nsomba, sakanamusunga nthawi yaitali.

Chimene chimandivuta ine ndi chifukwa chomwe timafunira kumupezera galu wathu kholo lakunja. Tikamati “wachikuda” timanena monyoza, ngati kuti ndi zotsalira za mitundu yeniyeni. Kafukufuku wa chibadwa amene Adam Boyko ndi anzake anasindikiza mu 2009, pa agalu a m'midzi ku Egypt, Uganda ndi Namibia, anaonetsa kuti ambiri mwa iwo ndi mbadwa zenizeni osati zosakanizika za agalu a ku Ulaya. Ku South Africa, Johan Gallant ndi Udo Küsel anayambitsa bungwe la Africanis Society mu 1998 kuti liteteze agalu oterewa monga momwe alili, popanda kuwaumbira muyeso wa pachionetsero ngati umene Saluki anapatsidwa ku London. Agalu a kugombe la Nyasa sanalowe m'kafukufuku wa 2009 uja.