Ayambe Ndani? Mbiri ya Kusinthana Mipata pa Nkhondo za Tizidole

Kunkhondo yeniyeni msilikali saima chilili kudikira kuti mdani amalize kuwombera kenako iye abwezere. Onse amathamanga, kuwombera ndi kubisala nthawi imodzi. Koma anthu awiri akayala tizidole ta asilikali patebulo, sangasunthe zonse pakamodzi popanda kukangana. Kwa zaka zoposa 200 opanga masewerawa akhala akulimbana ndi funso limodzi: ayambe ndani, nanga winayo azitani podikira?

Oyambirira anangotengera chess. Mu 1780, ku Braunschweig m'dziko la Germany, Johann Hellwig anakonza masewera a nkhondo pabolodi lalikulu la timabokosi, osewera n'kumasinthana monga amachitira pa chess. Zinthu zinasintha ku Prussia mu 1824, pamene Georg von Reisswitz, msilikali wa gulu la mizinga, anasindikiza malamulo a masewera a nkhondo otchedwa Kriegsspiel powongolera ntchito ya bambo ake. Iye anati gawo lililonse la masewera liziimira mphindi 2 za nkhondo. Osewera ankalemba malamulo awo papepala n'kupereka kwa woweruza, ndipo woweruzayo ankasuntha tizidutswa toimira asilikali a mbali zonse ziwiri pamapu nthawi imodzi, n'kuuza aliyense zokhazo zimene asilikali ake akanaona. Funso lakuti ayambe ndani linafera pomwepo, chifukwa nthawi inali m'manja mwa munthu wachitatu. Mu 1876 Julius von Verdy du Vernois anafika potaya malamulo ambiriwo, n'kusiya zonse ku nzeru za woweruza wodziwa nkhondo.

Vuto n'lakuti woweruza wotero amapezeka kusukulu ya asilikali, osati kunyumba. Masewerawa atalowa m'nyumba za anthu wamba, ntchito yake inagwera buku la malamulo. Ine ndimaona kuti mikangano yambiri ya masiku ano inabadwira apa. Buku silingaone tebulo, ndipo silingafunse wosewera chimene amafuna kuchita.

H. G. Wells, m'buku lake la Little Wars la mu 1913, anabwezeretsa kusinthana koma anakumanga ndi wotchi. Wosewera ankapatsidwa pafupifupi mphindi imodzi pa asilikali 30 alionse ndi mphindi ina pa mzinga uliwonse. Nthawi ikatha, amene sanasunthidwe ankatsala pomwe anali. Analamulanso kuti mizinga, yomwe inkaponyadi timitengo ndi sipuling'i, izigwiritsidwa ntchito poyamba asilikali asanasunthe. Lamulo laling'onoli ndi kholo la magawo amene osewera amatsatira lero mkati mwa mpata wawo. Wells anazindikira kuti sikokwanira kunena amene ayambe. Uyeneranso kunena chimene chiyambe.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ambiri anayesa kubwerera ku nzeru za Reisswitz popanda woweruza wake. Malamulo oyambirira a Wargames Research Group, gulu la ku Britain la Phil Barker ndi anzake, ankafuna kuti osewera alembe zolamula asilikali awo kenako asunthe pamodzi. Chainmail ya Gary Gygax ndi Jeff Perren ya mu 1971 inapereka njira zonse ziwiri kuti osewera asankhe. Papepala zinali zokoma. Patebulo, anthu ankatsutsana za tanthauzo la zimene alemba okha, ndiponso za amene wafika msanga paphiri pamene magulu onse awiri alunjika pomwepo.

N'chifukwa chake njira yophweka inapambana pamsika. Warhammer ya kampani ya Games Workshop mu 1983, ndi Warhammer 40,000 mu 1987, zinakhazikitsa dongosolo limene ambiri amalidziwa: wina asunthe gulu lake lonse, awombere, amenyane, kenako mnzake achite chimodzimodzi. Njirayi ndi yosavuta kuphunzitsa, koma ili ndi chilonda. Mfuti zikakhala zamphamvu, woyamba akhoza kupulula gulu la mnzake, mnzakeyo asanakhudze n'kachidole kamodzi komwe, ndipo wodikirayo amangokhala akutola akufa ake. Malamulo ambiri owonjezera, monga lolola gulu kuwombera mdani amene akulithamangira, ndi zigamba zophimba chilonda chimenechi. Age of Sigmar ya mu 2015 inachikulitsa dala: osewera amaponya dayisi kumayambiriro kwa chigawo chilichonse, moti munthu akhoza kusewera kawiri motsatizana. Osewera akadali ogawanika pa lamuloli.

Ena anasankha kuphwanya mpata waukuluwo. Larry Brom, mu The Sword and the Flame ya mu 1979, yonena za nkhondo za atsamunda monga ya Angerezi ndi Azulu, anagwiritsa ntchito makadi: lofiira likatuluka lisuntha gulu limodzi la Angerezi, lakuda gulu limodzi la adani awo. De Bellis Antiquitatis ya mu 1990 inasunga kusinthana, koma dayisi imodzi ndiyo imanena kuchuluka kwa magulu amene ungawalamule. Bolt Action ya mu 2012 inaika madayisi a mbali zonse m'kathumba kamodzi, gulu lililonse dayisi yake, n'kumatulutsa imodzi imodzi osayang'ana.

Imene imandikoka mtima kwambiri ndi Crossfire ya Arty Conliffe ya mu 1996. Ilibe rula yoyezera mtunda ndipo ilibe mipata yowerengeka. Umapitiriza kusewera malinga zikukuyendera; kuwombera kwako kukapanda kanthu, kapena asilikali ako akapanikizidwa ndi zipolopolo za mdani posuntha, mpata umapita kwa mnzako. Wodziwa bawo sangadabwe nazo, pakuti nakonso dzanja limayendabe mpaka njere yomaliza itagwera m'dzenje lopanda kanthu. Ubwino wake ndi woti wodikira sagona: amayang'anitsitsa kuti aone mdani akadutsa poyera.

Komabe kulola wodikira kuchitapo kanthu kumabala funso latsopano. Malamulo awiri akagwa pa mphindi imodzi, lina la woukira lina la wodziteteza, liyambe liti? Warhammer 40,000 imayankha kuti mwini mpata ndiye asankhe dongosolo lake. Yankholi limathetsa phokoso msanga, koma limapereka chiweruzo kwa mmodzi wa otsutsanawo. Pamipikisano ikuluikulu, okonza amaika oweruza oyendayenda pakati pa matebulo, ndipo osewera amawaitana akasemphana pa zoti lamulo liti ligwire ntchito poyamba, ntchito imene Reisswitz anaipereka kwa munthu wachitatu mu 1824.