Obira M'madzi a ku Chembe

Munthu wokulira ku Khonjeni, pakati pa minda ya tiyi ya ku Thyolo, akafika ku Chembe amadabwa kuona anthu atabereka masilinda a mpweya ngati ana, magalasi kumaso, akudzigwetsa chagada kuchoka m'boti.

Mudzi wa asodziwu uli ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Amene anapereka dzina loti Cape Maclear ndi David Livingstone mu 1861 polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi. Amishoni a Livingstonia anamangapo mu 1875, koma malungo anawasautsa mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881, n'kusiya manda. Mu 1949 ndege za BOAC zotera pamadzi zinayamba kubweretsa alendo, koma sizinakhalitse.

Chimene chinakopa obira m'madzi ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala, timene tatikazi timafungatira mazira ndi ana m'kamwa. Geoffrey Fryer anafufuza moyo wa mbunazi ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake gulu la Tony Ribbink linabira ndi masilinda m'magombe ndi m'zilumba zambiri, ndipo lipoti lawo la mu 1983 linaonetsa kuti mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha.

Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo UNESCO inaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Lero anyamata a ku Chembe amaperekeza alendo kukabira ku Thumbi ndi ku Otter Point, uku usipa ukuuma pamathandala.